Maganizo anga: Old Major sananame, ndipo vuto lagona pomwepo

Anthu akamakamba za buku la Animal Farm, lonena za nyama zomwe zinathamangitsa mwini famu n'kuyamba kudzilamulira, amathamangira kwa nkhumba ziwiri, mtsogoleri Napoleon ndi mneneri wake Squealer, zoti nkhumba zinalanda ulamuliro n'kumasintha malamulo usiku, basi nkhani yatha. Koma kwa ine chaputala chofunika kwambiri ndi choyamba chija, pomwe mdala Old Major, nkhumba yaimuna yokalamba, akuyankhula kwa nyama zinzake mu shedi yaikulu mwini famu a Jones atakagona ataledzera. George Orwell analemba sipitchi imeneyi mwaukatswiri woti olo iwe wowerenga ukudziwa kale kuti mapeto ake ndi oipa, umangopezeka ukugwedeza mutu kuti eee mdalayu akunena zoona. Bukuli linatuluka mu 1945 ku London, ndi fanizo la zomwe zinachitika ku Russia kuyambira 1917, ndipo Major amaimira Karl Marx, tate wa ganizo la chikomyunizimu, ena amati ndi Lenin yemwe, amene anatsogolera kuukira kwa ku Russia kuja.

Taonani mmene akuyambira. Masana mphekesera inamveka pa famu ponse kuti Major walota loto lachilendo, ndiye nyama zonse zalolera kuluza tulo kuti zikamve lotolo. Zitangokhazikika iye akuti za maloto tikamba kenako kkkk. Apa palibenso angachoke. Kenako akuti sakuona ngati akhala ndi moyo miyezi yambiri, chapatsogolo n'kutchula kuti ali ndi zaka 12 ndipo wabereka ana opitilira 400. Wina woti akutsanzika sumamuganizira kuti akufuna mpando, ndiye umamukhulupilira asananene n'komwe mfundo. Paja amati mawu a akulu akoma akagonera, nyama zija zinali zitagonja kale ndi ulemu.

Ndiye pali mafunso aja ofunsa yekha n'kuyankha yekha. Moyo wathuwu ndi wotani? Wozunzika, wa thukuta, waufupi. Kodi n'chifukwa choti dziko ndi losauka? Ayi, nthaka ya England ndi yachonde, famu yomweyi itha kudyetsa mahatchi 12, ng'ombe 20 ndi nkhosa mazanamazana. Palibe nyama inaimika dzanja kufunsa kuti manambala amenewa mwawatenga kuti madala. Womvera amangomva ngati waganiza yekha pomwe wangotsogozedwa.

Koma pomwe ine ndimati apa ndiye anamenya penipeni ndi pamene anasiya kukamba za "nyama zonse" n'kuyamba kuloza mmodzimmodzi. Inu ng'ombe, mkaka wonse munatulutsa chaka chathachi uli kuti, umene ukanayamwitsa ana anu? Inu nkhuku, mwa mazira onse aja ndi angati anaswa anapiye? Kenako akutembenukira kwa Clover, hatchi yaikazi, mayi, n'kumufunsa za ana ake anayi omwe anagulitsidwa aliyense atangokwana chaka. Tangoganizani kufunsidwa funso limenelo pagulu. Tinkhumba tating'ono takhala kutsogolo akutiuza kuti chaka chisanathe tidzakhala tikulira pa mpeni. Agalu akakalamba a Jones amawamangilira njerwa m'khosi n'kuwaponya m'dziwe. Boxer, hatchi yomwe ndi chimphona cha pa famu, akumuuza kuti tsiku lomwe mphamvu zidzathe adzagulitsidwa kwa opha mahatchi. Mavuto a gulu munthu amatha kuwamvera uku akuyasamula, koma akakutchula dzina n'kukuuza mmene udzafere tulo timabalalika. Ndipo chowawa n'choti zonsezi zinali zoona, palibe bodza olo limodzi apa.

Zoona zimenezi ndi zomwe zikutsegulira njira chinthu chimodzi chokhota, choti gwero la mavuto onse ndi Munthu. Satulutsa mkaka, saikira mazira, sangakoke pulawo, kalulu sangamugwire pa liwiro, koma ndiye bwana. Muchotseni basi, njala ndi ntchito yakalavulagaga zatha mpaka kalekale. Zimakoma kumva chifukwa n'zosavuta kusunga m'mutu, mdani mmodzi, yankho limodzi, wamiyendo iwiri ndi mdani, wamiyendo inayi kapena wamapiko ndi mnzathu. Koma funso loti Jones akachoka kiyi wa sitolo ya chakudya adzasunga ndani, ndipo wosungayo akayamba kuba tidzamuchotsa bwanji, silinafunsidwe. Ndipo Orwell ndi wochenjera, chifukwa Major atangomaliza kunena kuti nyama zonse ndi makomuredi, makoswe anayi atulukira kudzamvera nawo, agalu n'kuwalumphira pompo! Mpaka anachita kuponya voti ngati makoswe ndi anzathu kapena ayi. Ambiri anavomera, otsutsa anali agalu atatu ndi mphaka, ndipo mphakayo anapezeka kuti anavota mbali zonse ziwiri. Umodzi uja unali ndi ming'alu usiku woyamba womwe.

Za nthawi nazo, akuti kuukira kudzabwera ndithu, mwina sabata yamawa mwina patatha zaka 100. Lonjezo lotere palibe angakugwire nalo bodza.

Nanga loto lija? Atafika pamapeto akuti sangathe kulifotokoza, akungoti ndi dziko mmene lidzakhalire Munthu atachoka, m'malo mwake akuyambitsa nyimbo ya Beasts of England yomwe akuti mayi ake ankaimba iye ali mwana. Apa mfundo zatha, zatsala ndi za mumtima. Olo nyama zosachedwa kuiwala zinagwira chuni ndi timawu tingapo, anaimba kasanu motsatizana mpaka a Jones anadzuka n'kuwombera mfuti mumdima poganiza kuti kwabwera nkhandwe. Nkhosa singabwereze mfundo za mkaka ndi mazira koma nyimbo iimba, ndipo ukaimba limodzi ndi anzako umamva ngati mwagwirizana zonse. Nzosadabwitsa kuti Napoleon atakhazikika pampando nyimboyi anailetsa.

Ena amati musamuimbe mlandu Major, anachenjeza. Zoona, ananena kuti polimbana ndi Munthu musadzafanane naye, osagona m'nyumba, osagona pa bedi, osavala zovala, osamwa mowa, osagwira ndalama, nyama isapondereze kapena kupha inzake. Sindikukana. Koma anafa patangopita masiku atatu n'kusiya malamulo opanda wowalondera, ndipo atalembedwa pakhoma nyama zambiri sizinkatha n'kuwerenga komwe. Kutacha Jones atathamangitsidwa ng'ombe zinakamidwa, Napoleon anati za mkaka musadandaule tiyeni kumunda, pobwera madzulo mkaka palibe. Mkaka womwe uja Major ankalira nawo. Ndipo Boxer anatheradi kwa opha mahatchi monga mdala ananenera, kungoti omugulitsa zinali nkhumba, ndalama yake n'kugulira wisiki.

Ndiye ine sindigwirizana ndi zoti Squealer anangopotoza uthenga wabwino. Chida chake chachikulu anachitola mu sipitchi ya Major momwemo. Nyama zikangoyamba kudandaula za mkaka, za maapozi, za nkhumba kugona pa bedi, iye amangofunsa ngati zikufuna Jones abwerenso, onse ziii. Funso limenelo linkagwira ntchito chifukwa usiku uja mu shedi zinaphunzitsidwa kuti zoipa zonse zimayenda ndi miyendo iwiri, ndiye wina wamiyendo inayi akamaziba zinalibe n'mawu omwe omutchulira kuti ndi mdani.