Ndamaliza, amayi

Dzulo masana ndinapereka thesis yanga ya masters, ndiye kuti buku la kafukufuku womalizira maphunziro anga. Nditaitumiza ndinangokhala duu pampando, misozi ili chuchuchu.

Chaka chino chandipweteka. Amayi anayamba kudwala mu Febuluwale, ndipo anatisiya mu Juni ine ndili kuno ku England. Ndinafika kumudzi ataikidwa kale. Nditabwerera, usiku ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, masana ndili ku laibulale, koma mutu osagwira. Miyezi iwiri yathunthu sindinalembe ngakhale chiganizo chimodzi.

Abale ena, mwachikondi ndithu, akhala akundifunsa kuti: "Achemwali, zithunzi za mafumu a azungu zidzakupatsani chiyani? Bwanji osaphunzira unamwino?" Lero ndiyankheko.

Kafukufuku wanga anali pa zithunzi za Mfumukazi Elizabeth I, amene analamulira England kuyambira 1558 mpaka 1603. Pali chithunzi chake china ku Queen's House, ku Greenwich, chokumbukira mmene zombo zankhondo za Spain zinagonjera mu 1588. Ndinaima patsogolo pake kangapo. Mayiyu wavala ngale zosawerengeka, dzanja lake lamanja lili pa mpira wa dziko lapansi, zala zitagwira cha ku America. Kumbuyo kwake, pawindo, zombo za adani zikusweka ndi namondwe. Sanayankhule kanthu, koma wakuuza kale kuti nyanja ndi yake, maiko akutali akuwafuna, ndipo Mulungu ali mbali yake.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi nkhope. Pa chithunzi china cha ku Hatfield House, chojambulidwa cha m'ma 1600, Elizabeth anali akuyandikira zaka 70, koma nkhope ili see ngati ya namwali. Chovala chake chadzaza ndi maso ndi makutu, kusonyeza kuti amaona zonse, amamva zonse. Izi sizinangochitika. Mu 1596 nduna zake zinalamula kuti zithunzi zomuonetsa mosayenera zifufuzidwe ndi kuwonongedwa. Analibe mwana wodzalowa ufumu, ndiye makwinya pankhope pake akanakumbutsa anthu funso loopsa: akamwalira, adzalamula ndani?

Inu amene munakula nthawi ya Kamuzu, izi ndi zachilendo kwa inu? Chithunzi chake chinali m'sitolo ndi mu ofesi iliyonse, ndipo palibe chinthu, ngakhale wotchi, chinkaloledwa kupachikidwa pamwamba pake. Amayi anga omwe anavinapo atavala nsalu ya nkhope yake. N'chifukwa chake ndikukana zoti maphunzirowa ndi a azungu okha. Olamulira kulikonse amasankha mosamala nkhope imene akufuna kuti tiione, ndipo payenera kukhala anthu ophunzira kufunsa kuti wajambulitsa ndani, walipira ndani, nanga wabisa chiyani.

Chinandibwezera ku ntchito ndi chithunzi cha amayi chimene mdzukulu wawo anawajambula pa foni, atakhala pakhonde akusankha nyemba. Imvi zili mbuu, makwinya onse akuoneka, maso akuonetsa kutopa. Palibe anakonza kanthu. Ndinachisindikiza n'kuchiika patebulo pambali pa zithunzi za Elizabeth, ndipo usiku umenewo ndinalemba masamba anayi a mutu wonena za nkhope yosakalamba.

Tsamba loyamba la thesis lili ndi dzina lawo. Mu Disembala ndikubwera nayo kumudzi, ndikawaonetse bambo.