Kopaletivu ndi NATO si chinthu chimodzi

Inu olemba nkhani yofanizira kopaletivu ndi NATO, mukuti dziko laling'ono likalowa mgwirizano wa zankhondo ngati NATO limafanana ndi membala wa kopaletivu: onse asonkha, onse atetezedwa. Pena ndikuvomereza. Estonia, Latvia ndi Lithuania adalowa NATO mu 2004, ndipo pangano loti woputa mmodzi waputa onse likuwagonetsa tulo ngakhale Russia ali pakhomo.

Koma bambo, mu kopaletivu voti ya membala ndi imodzi, kaya wasonkha zambiri kaya zochepa. Ku NATO mwini ndege zambiri ndi mizinga ndi America, akatsokomola enawo amatchera khutu.

Nanga kwathu kuno? Mu 1979 asilikali a Rhodesia (lero Zimbabwe) adalowa mu Lusaka muno nkuphwanya nyumba ya Joshua Nkomo, mtsogoleri womenyera ufulu wa dzikolo. SADC idasainirana pangano lotetezana mu 2003, komabe asilikali ake adachoka ku Goma, ku DR Congo, mu 2025 zigawenga za M23 zitalanda mzindawo. Mapepala alipo, ndalama ndi zida ndiye palibe.

Makopaletivu athunso musawakometse kwambiri. Ambiri amangodzuka nthawi ya feteleza wa FISP, matumba akagawidwa ngakhale tcheyamani foni sayankhanso.