Malasha okha ayi, ena aphunzire za masefa a madzi

Ana athu akamaliza sukulu kuno ku Tete, maso onse amaloza ku Moatize, ku malasha. Sindikuwadzudzula, ndalama zili komweko. Koma ndikadakhala ndi mphamvu, ena ndikadawakokera ku phunziro limene ambiri amati n'lotayitsa nthawi: masamu ofotokoza mmene membrane imapangikira, kapulasitiki kopyapyala kaja kamene kamagwira ntchito yonse mkati mwa sefa ya madzi.

Opanga membrane amatenga polymer, ndiye kuti pulasitiki, monga polysulfone kapena cellulose acetate, n'kuisungunula m'mankhwala amadzimadzi. Akatero amapaka pagalasi mopyapyala kwambiri, n'kumiza galasilo m'madzi. Pamenepo mankhwala osungunula aja amathawira m'madzi, madzi nawo akulowa, ndipo pulasitiki, poti sagwirizana ndi madzi, amaundana. Pamwamba pamachita kakhungu kothinana, ngati kamene kamabwera paphala likayamba kuzizira, ndipo pansi pake pamatsala timabowo. Nkhani yonse yagona pa liwiro la kusinthanako. Kukachitika mothamanga, nthawi zambiri pamatuluka mabowo akuluakulu aataliatali amene amafooketsa sefa. Kukachitika mwapang'onopang'ono, timabowo timakhala ting'onoting'ono, tofanana. Zambiri zimatha m'masekondi ochepa, diso silingaone.

Sidney Loeb ndi Srinivasa Sourirajan anapeza njirayi ku yunivesite ya UCLA ku America cha m'ma 1960 poyesayesa, ndipo ndi imene inachititsa kuti kuchotsa mchere m'madzi ndi reverse osmosis (kukankha madzi mwamphamvu kuti adutse pa membrane, mchere n'kutsalira) kutheke pamlingo waukulu. Masamu anabwera pambuyo. Reuvers ndi Smolders a ku yunivesite ya Twente ku Netherlands analemba awo mu 1987, pofuna kudziwiratu ngati pulasitiki aundane nthawi yomweyo kapena achedwe. Muzu wake ndi lamulo la Adolf Fick la 1855, lakuti chinthu chimayenda kuchoka kumene chachuluka kupita kumene chachepa. Ukadziwa kuwerengera zimenezi pa kompyuta, sutaya mankhwala odula poyesa mwachimbulimbuli.

Wina anena kuti izi n'za azungu. Ine ndikukana. Kolera wa 2015 tikumukumbuka ife tomwe, ndipo Zambezi ndi Revúbuè akadzaza madzi ake amachita matope okhaokha. Kachilombo ka kolera m'lifupi ndi pafupifupi theka la micrometre (milimita imodzi ili ndi ma micrometre 1,000), moti sefa ya mabowo a micrometre 0.1 imakatsekereza, koma ya mabowo ong'ambika imakalola kudutsa madzi akuoneka oyera mbee. Mchere wa m'mijigo ina ndiye sungachoke ndi sefa wamba, umafuna kakhungu kothinana kaja.

Ndiye pali kutentha kwathu kuno, kumene kumapyola madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Madzi omizamo akatentha, kusinthana kumafulumira, mabowo n'kutuluka ena. Wofuna kupanga membrane mumzinda wa Tete sangangokopera miyeso ya ku Ulaya, ngakhale ya ku Ulongwe kozizira. Ayenera kuwerengera yekha, ndipo wowerengerayo ndikufuna akhale mwana wakuno.