Mwana Wafiira Matako, Bambo Ake Akuimba Foni

(Mayi a mwana achoka tsiku limodzi lokha. Bambo atsala ndi mwana wa miyezi 9. Usiku akuimbira achemwali awo, omwe ndi namwino wa ana.)

BAMBO: Achemwali, ndipulumutseni. Mwana wafiira matako onse psuu. Alamu anu akabwera mawa ine kwanga kwatha.

NAMWINO: Thewera mwamusintha nthawi yanji?

BAMBO: M'mawa.

NAMWINO: Achimwene, ino ndi 9 koloko usiku.

BAMBO: Papaketi analemba kuti limapirira maola 12. Ine zolembedwa ndimazilemekeza.

NAMWINO: Sanabibe?

BAMBO: Anabiba masana, koma pang'ono. Malo anali akadalipo ambiri, ndiye ndinati kulitaya n'kuwononga.

NAMWINO: Mayo ine! Mwana akabiba mumasintha nthawi yomweyo, kaya bibiyo ndi wochepa bwanji. Ukakhala mkodzo wokha, masana musapyole maola 2 kapena 3. Mkodzo ukasakanikirana ndi bibi, tizilombo ta m'bibimo timausandutsa amoniya, fungo loboola mphuno lija. Amoniyayo amapatsa mphamvu timadzi togaya chakudya totsalira m'bibi, ndiye timayamba kudya khungu. Pamene apo khungu lafewa kale ndi chinyezi, thewera nalo likukhula.

BAMBO: Mukuti mwana wanga akugayidwa?

NAMWINO: Kuyambira masana. Yatsani tochi. Yang'anani m'mphechepeche, momwe khungu limapindika. Mwafiira?

BAMBO: Ayi, m'menemo muli bwino. Pafiira ndi pamatako penipeni ndi m'ntchafu momwe mwadutsa thewera.

NAMWINO: Ndiye ndi nsungu wamba za thewera. Zikanakhala za fangasi wotchedwa Candida, bwenzi mutafiira kwambiri m'mopindikamo, komanso mukanaona timadontho tofiira tomwazikana m'mbali. Fangasiyo amakonda kubwera nsungu zikatha masiku atatu osapola, kapena mwana akamamwa maantibayotiki. Ameneyo amafuna mankhwala opaka monga clotrimazole kapena nystatin, koma achipatala ayambe amuona.

BAMBO: Chabwino. Ndili ndi sipiriti pano.

NAMWINO: Ikani pansi!

BAMBO: Imapha majeremusi.

NAMWINO: Pakani m'diso mwanu kaye, mukapirira mundiuze. Tengani madzi ofunda pang'ono, muyese ndi chigongono, ndi kansalu kofewa kapena thonje. Sopo ayi. Timapepala tonyowa tonunkhira tija lero musatikhudze, timawawa pakhungu losupuka. Musakhule. Thirani madzi, muzisunsa pang'onopang'ono. Akanakhala mtsikana ndikanati muzipukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kuti bibi asafike kunjira ya mkodzo.

BAMBO: Ndatha. Ndimuwaze pauda?

NAMWINO: Ayi. Fumbi la pauda mwana amalipuma n'kukalowa m'mapapo, ndipo wotsalayo amaumbana m'mphechepeche akanyowa. Muumitseni posunsa ndi thaulo, kenako mugonekeni pathaulo louma wopanda thewera kwa mphindi 10, apitidwe mphepo. Zimenezi muzichita kangapo patsiku.

BAMBO: Wopanda thewera? Mukumudziwa bwino mnyamata ameneyu?

NAMWINO: Imani kumbali.

BAMBO: Mwanena mochedwa. Wandipeza pachifuwa.

NAMWINO: Wakubwezerani. Tsopano funani mafuta. Pa alumali pali chiyani?

BAMBO: Pali kachubu kena ka alamu anu, kamene amapaka kumaso. Tiziphuphu timatha tsiku limodzi. Alemba kuti betamethasone.

NAMWINO: Kameneko kasayandikire mwana. Ndi steroid, mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa. Pansi pa thewera pamakhala potsekeka, ndiye mankhwalawo amalowa ambiri m'thupi, khungu limapyapyala, ndipo ngati pali fangasi ndiye mwamuthirira feteleza. Funani olembedwa zinc oxide, oyera olimba aja. Ngati palibe, Vaseline wopanda mafungo.

BAMBO: Zinc oxide ndawapeza. Ndapaka pang'ono, ndatikita mpaka alowa.

NAMWINO: Akalowe kuti? Mafuta amenewo ntchito yake ndi kutchinga kuti mkodzo usakhudze khungu. Matani mochindikala ngati mukupaka pulasitala pakhoma, mpaka kufiirako kusaoneke. Posintha thewera lina musavutike kuchotsa onse. Chotsani odetsedwa okha, muwonjezere ena pamwamba.

BAMBO: Ndamanga thewera. Ndakoka zolimba, silingatuluke ngakhale dontho.

NAMWINO: Lowetsani zala ziwiri pakati pa thewera ndi mimba.

BAMBO: Sichikulowa ngakhale chimodzi.

NAMWINO: Masulani. Lothina limakhula komanso limatsekera mpweya. Masiku ano ndi bwino avale lokulirako pang'ono. Mukagwiritsa ntchito matewera ansalu, muzitsukuluza kawiri kapena katatu sopo yense achoke, muyanike padzuwa mpaka aume gwaa, ndipo kabudula wapulasitiki apume kaye.

BAMBO: Zipola mawa lisanafike?

NAMWINO: Ayi. Mukachita bwino, masiku awiri kapena atatu mudzaona kusintha. Zikapanda kusintha, kapena mukaona matuza, mafinya, zilonda zotseguka, nsungu zikufalikira kumimba ndi kumsana, kapena thupi latentha, thamangani naye kuchipatala. Akamatsegula m'mimba musinthe pafupipafupi kuposa apa, chifukwa bibi wamadzi amawotcha msanga. Musuzumirenso m'kamwa. Mukaona zoyera zomatirira m'masaya zosapukutika, akauzeni achipatala, kawirikawiri ndi fangasi yemweyo.

BAMBO: Achemwali, ndife amimba imodzi. Alamu anu akafunsa, tinene kuti ndi mano akumera.

NAMWINO: Auzeni nokha. Agona kwathu kuno, ndipo foni ili pa sipika.

MAYI: Bambo a mwana, moni.

BAMBO: Aaa... mayi, mwayenda bwanji?

MAYI: Ndinasiya matewera 10 pabedi. Awerengeni ndikumva.

BAMBO: Netiweki ikudukaduka kuno.

MAYI: Ndikukumvani bwinobwino. Atsala angati?

BAMBO: Atsala 8. Koma awiriwo ndiyamikireni.