Nambala imene inasokeretsa Fermat

Anzanga, lembani nambala iyi papepala: 4,294,967,297. Ine ndimaikonda kwambiri, ndipo ndikanakonda kuti mwana aliyense wophunzira masamu akumane nayo asanamalize sukulu.

Imabwera chonchi. Tengani 2, muchulukitse ndi 2, muchulukitsenso, mpaka ma 2 akwane 32. Mupeza 4,294,967,296, chomwenso ndi chiwerengero cha maadiresi onse a intaneti a mtundu wa IPv4. Kenako onjezerani 1.

Cha m'ma 1640, katswiri wa masamu wa ku France, Pierre de Fermat, ankasinkhasinkha za manambala a mtunduwu. Pochulukitsa ma 2 okwana 1, 2, 4, 8 ndi 16, n'kuonjezera 1, anapeza 3, 5, 17, 257 ndi 65,537. Onse asanuwo ndi osagawika: palibe nambala imene ingawagawe popanda chotsala, kupatula 1 ndi mwini wakeyo. Fermat anakhulupirira kuti onse otsatira adzakhalanso otero, ngakhale anavomera kuti umboni wokwanira analibe. Mwina inunso mukanatero. Mwagogoda kasanu, kasanu konse n'kukutsegulirani, mungakayike bwanji kachisanu ndi chimodzi?

Panadutsa zaka pafupifupi 90. Mu 1732, katswiri wina wa masamu, Leonhard Euler, ali ndi zaka 25 zokha, anaonetsa kuti nambala yathu ija imagawika ndi 641.

Apa m'pamene mtima wanga umagunda. Euler anasonyezanso kuti sipafunika kuyesa manambala onse mwachimbulimbuli. Nambala yosagawika iliyonse imene ingagawe 4,294,967,297 iyenera kusiya 1 mukaigawa ndi 64. Basi, mpikisano wachepa. Otsala ndi 193, 257, 449, 577, kenako 641. Anayi oyambawo amakana, wachisanu amalowa bwinobwino. Chinsinsi chimene chinabisala zaka zonsezo chinali pakhomo lachisanu!

N'chifukwa chake zimandipweteka ndikamva wina akunena kuti masamu ndi kuloweza. Mwana akaona zitsanzo zitatu zikugwirizana amathamangira kunena kuti lamulo walipeza, ndipo ife akulu timamuombera m'manja. Bwanji osamuonetsa kuti Fermat weniweniyo anali ndi zitsanzo zisanu zolondola, koma anaphonyabe? Mpaka lero, ndi makompyuta amphamvu onsewa, palibe amene wapeza nambala ina yosagawika ya mtunduwu kupitirira 65,537. Onse amene ayesedwa mpaka kumapeto apezeka kuti amagawika.

Musangondikhulupirira. Tengani cholembera, foni muiike pambali. Tichulukitse 6,700,417 ndi 641 m'zigawo zitatu (600, 40 ndi 1), tione ngati nambala yathu ituluke. Chulukitsani 6,700,417 ndi 600, mupeza 4,020,250,200. Ndi 40, mupeza 268,016,680. Ndi 1, mupeza 6,700,417 yemweyo. Ndiye phatikizani mizere itatuyo pang'onopang'ono, kuyambira kumanja. Ine nditachita zimenezi koyamba, n'kuona 297 akutuluka kumapeto, ndinabwereza kawiri, osati chifukwa chokayika, koma kuti ndionenso zikuchitika.