Chubu chako, pampu yako, tisamavutitsane pamsewu

Ine lero ndiyankhula ndithu, wokwiya akwiye. Iwe amene umabwera ku ulendo wa njinga wa gulu ulibe chubu chapadera, ulibe pampu, ulibe ngakhale kachigamba kamodzi mthumba, sukubwera kudzapalasa nafe ayi, ukubwera kudzatigwiritsa ntchito. Ndanena.

Loweruka lapitali tinagwirizana pa gulupu kuti tinyamuke mtauni muno mu Zomba kusanache bwino, titsike ku Liwonde ndikubwerera dzuwa lisanalimbe. Amene mumaudziwa msewu wa M3 mukudziwa kuti kupita nkokoma, ukangodutsa pa Machinga njinga imangodziyendera yokha kutsikira ku Shire, koma pobwera ndi pamene umalipira ngongole, makilomita pafupifupi 50 ambiri ake okwera, nde ukachedwa pang'ono zitunda zija umakumana nazo dzuwa lili paliwombo. Tadutsa Chinamwali bwinobwino, pa Songani amayi akuyala kumene tomato, tangopitirira Domasi timva pfuuu kumbuyo. Tayala la mkulu wina laphwa. Palibe vuto, zimachitika, tonse tinaima. Mkuluyu njinga yake ndi ya kaboni, yonyezimira, jezi ndi masokosi zofanana mtundu, pa handulo pali kakompyuta kowerenga makilomita ndi kugunda kwa mtima. Tikuti achimwene tulutsani chubu tithandizane. Iwo kumwetulira. "Aaa ndimayesa wina watenga."

Wina ndani? Wina ameneyo munamulemba ntchito liti? Mumamulipira zingati pamwezi?

Mnyamata wina anatulutsa chubu chake nkuwapatsa. Koma malimu a mkuluyu ndi aja akuya, amafuna valavu yaitali ya 80mm, pamene chubu chapatsidwacho valavu yake ndi ya 48mm, nde kamutu kake kamangosuzumira pang'ono pampu osagwira. Chotsaninso. Mchemwali wina, amene amayenda ndi kachikwama kake kapansi pa chishalo kodzaza bwino nthawi zonse, anapereka chake cha valavu yaitali. Mwini njinga waima poteropo manja mchiuno akuyankha foni, ogwada pansi ndi anthu ena. Atauzidwa kuti ayendetse chala mkati mwa tayala aone chimene chalasa, anangogwira pamodzi nkuti lili bwino. Tanyamuka, tisanafike nkomwe pa Malosa pfuuu kachiwiri, tayala lomwe lija. Kuyang'ana bwino mkatimo muli kawaya kakang'ono kaja kamathothoka ku matayala a mathiraki, kanali momwemo chikhalire kudikira chubu chatsopano. Tinayamba kumata zigamba m'mbali mwa msewu maminibasi akutiwombera mahutala, dzuwa likukwera.

Chimene chandipsetsa mtima kwenikweni ndi ichi. Mkuluyu atafika ku Liwonde anati watopa, anaimba foni galimoto ya kunyumba inabwera kudzawatenga, njinga kumbuyo iwo kutsogolo, anatibayibitsa pa windo. Pobwerera ife, pa chitunda cha Machinga dzuwa likuswa mtengo, tayala la mchemwali uja linaphwa. Chubu chake chili mu njinga ya munthu amene nthawi imeneyo anali atasamba kale kwawo. Mpaka pano sanabweze. Ngakhale ka meseji ka zikomo.

Nde ndikufunseni anthuni, zimenezi nzoona? Ndalama yogulira njinga ya mamiliyoni ilipo koma ya chubu palibe? Ya chisoti, ya magalasi, ya nsapato zomata ku mapedulo ilipo, ya pampu ndiye yasowa? Kaya ndi ulesi kaya ndi kuzolowera kuchitiridwa chilichonse kunyumba ndi kuofesi, zimenezo nzanu, ife pamsewu tilibe antchito. Aliyense anyamule zake.

Ndipo musandiuze zoti "pa trading centre iliyonse pali omata matayala". Alipo inde, ndipo ndimawalemekeza kwambiri madala amenewa, amadyetsa mabanja awo pansi pa mtengo wa mango ndi beseni la madzi ndi pampu imodzi. Koma makasitomala awo ndi a kabaza. Njinga za kabaza ndi zonyamulira makala zija matayala ake ndi 28 inchi, onenepa, chubu chake simungachipinde kuti chilowe mu tayala lanu lowondalo la saizi ya 700x25, mungochitsina ndi limu chiphulike musanakwere. Chigamba chawo nthawi zambiri amadula ku chubu chakale, nchokhuthala, pa kachubu kowonda ka njinga za mpikisano chimapanga chotupa, ukamayenda umangomva du du du. Chochotsera tayala ndi sikuludiraiva kapena kachitsulo kosulidwa, pa limu yachitsulo palibe vuto, pa kaboni wanuyo mulira. Mukati ndikapopetsa pa filing'i siteshoni, paipi ya pamenepo ndi ya valavu ya galimoto, Schrader, pamene yanuyo ndi Presta, yowonda ija ya kanati pamwamba, popanda ka adaputa simupopa kanthu. Kanthu kochepa kwambiri kamene kamakwana mthumba la machesi, koma nako mulibe. Ndiponso tayala silisankha pophwera. Silidikira kuti mufike pa Thondwe kapena pa Namadzi pamene pali anthu, limaphwa pakati pa minda ya chimanga.

Zinthu zake sizambiri ayi, ndi zimene zimandinyansa. Chubu cha saizi ya tayala lako chokhala ndi valavu yokwana limu yako, ulendo wautali ngati wa Liwonde kapena Blantyre tenga ziwiri. Ma tyre lever awiri apulasitiki, ochotsera tayala pa limu. Kapampu kamene unakayesapo kale kunyumba, osati koyamba kukatsegula mpaketi pamsewu. Kabokosi ka zigamba, sandipepa ndi solushoni, ndipo solushoniyo uzimuyang'ana chifukwa ukangomutsegula kamodzi amauma yekha mkachubu mwakemo, tsiku lomufuna ukafinya mumangotuluka mpweya. Ngati mawilo ako ndi a thru-axle, aja omangidwa ndi chitsulo chodutsa pakati pa wilo, tenga alenki yake, ngati ndi a manati tenga sipanala 15, apo ayi ngakhale tikupatse machubu khumi wilo silichoka. Kachidutswa ka tayala lakale kotsekera mkati likang'ambika m'mbali. Zonsezi zimakwana mkachikwama kapansi pa chishalo kapena mthumba la kumsana kwa jezi, thumba lomwelo limene mumaikamo foni yojambulira ma selfie.

Ena akuti zimalemera. Kkkk ayi ndithu. Munthu wadya chipisi cha pachiwaya mbale yodzaza ndi fanta pa Songani akudandaula kulemera kwa chubu.

Ena akuti ine ndili pa tubeless, matayala opanda chubu othiramo madzi omata mabowo, sindiphwa. Zabwino zonse. Koma madzi omata aja amauma mkatimo pakapita miyezi ingapo, makamaka ndi kutentha kwathu kuno kwa Okutobala, ndipo botolo losweka likacheka tayala bwinobwino madziwo amangopopera pa miyendo ya amene ali kumbuyo kwako. Zikatero chimakupulumutsa nchiyani? Chubu. Nyamula. Opopa ndi timabotolo ta mpweya wa CO2 nanunso, kabotolo ka 16g kaja nkowombera kamodzi, ukaphonya kulumikiza mpweya wonse wapita kumwamba watsala ndi kachitsulo kozizira mmanja, nde pampu isatsale.

Ndipo kukonzeka kumayamba Lachisanu madzulo osati Loweruka pa malo okumanirana. Matayala owondawa amataya mpweya okha ngakhale njinga ili chiimire pakhonde, masiku ochepa okha afewa. Popa. A 25mm ambiri timayenda nawo pa mpweya wa 80 mpaka 100 psi pa geji ya pampu kutengera thupi la munthu, ndipo malire ake analembedwa m'mbali mwa tayalamo, werenga. Ukayenda lofewa nkumenya dzenje kapena bampu, kapena potsika pa phula kupita mdothi minibasi ikakuthamangitsa, limu imatsina chubu nkuboola timabowo tiwiri togundizana, palibe munga palibe msomali, wadzilasa wekha. Zungulitsa wilo pang'onopang'ono pa kuwala uchotse timagalasi tomwe tabisala mu labala tisanafike mkati. Tayala likayamba kuonetsa ulusi kapena pakati pake paphwatalala, latha limenelo, usabwere nalo ku gulu kuti tidzaone limodzi mmene lithere.

Chinanso phunzirani kusintha chubu nokha, chonde. Kunyamula zida osadziwa kuzigwiritsa ntchito ndi vuto lomwelo, ogwada ndi ife ndithu. Khalani pansi tsiku lina kunyumba muchotse wilo la kumbuyo, tcheni muyambe mwachitsitsira pa giya yaing'ono, muchotse chubu, mubwezeretse, mubwerezenso mpaka manja azolowere. Chubu chatsopano umayamba wauziramo kampweya pang'ono kuti chisapindike. Usanachilowetse chala chizungulire mkati monse mwa tayala, monse, mosamala, mpaka upeze chimene chalasa. Mbali yomaliza kankha ndi zala, ukalowetsa lever mwamphamvu uboola chubu chatsopanocho. Pomata chigamba pala ndi sandipepa, paka solushoni pang'ono, dikira aume asiye kunyezimira kenako mata. Ambiri amamata ali chinyowere nkumati zigamba za masiku ano nzabodza. Mwana wa kabaza wa zaka 15 amachita zimenezi akucheza, inu ndi madigiri anu a ku Chancellor mukuti simutha?

Walira mvula walira matope. Unafuna njinga ya matayala owonda pa misewu yathuyi, kuphwa unakufunanso.

Ndikudziwa wina abwera pansipa ndi zija zoti mutu umodzi susenza denga, gulu ndi kuthandizana, musakhale odzikonda. Amwene, posenza denga aliyense amabwera ndi mutu wake. Palibe amene akukana kuthandiza. Munthu wanyamula machubu ake awiri onse abooka, tsoka lamugwera, ameneyo ndimupatsa changa ndi mtima woyera ndipo ndimupopera. Mwana wasukulu amene wangoyamba kumene, njinga ya kaunjika, ndalama alibe, anene poyera tisananyamuke kuti akulu ine ndilibe chubu, tidziwe tinyamule choonjezera, ameneyo ndi wathu. Koma iwe bambo wa ntchito yako, mwezi ndi mwezi manja lendelende, ukudalira thumba la mnzako, kumeneko sikuthandizana. Ukatenga chubu cha mnzako wamuvula, ulendo wonse wotsalawo akuyenda opanda chomuteteza chifukwa cha iwe. Ndipo machubu a 700c kuno ku Zomba sapezeka pa shopu iliyonse, ambirife timachita kuitanitsa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ena mpaka kutumiza wopita ku Joni. Nde munthu wavutikira chinthu chake iwe ungoti "man tandigaireni" ngati ukupempha moto.

Nthawi nayo. Tikaima anthu ambirimbiri kudikira mmodzi, amene akuluza si iwe wekha. Wina anatsanzika kunyumba kuti pofika 10 koloko akhala atabwera apite ku ukwati, wina ali ndi shifiti masana, wina madzi mubotolo anawerengera ulendo wa mmawa osati wa dzuwa la ku Liwonde. Kuphwa kwa munthu wokonzeka ndi mphindi khumi tanyamuka. Kwa wosakonzeka ndi msonkhano.

Nde maganizo anga ndi awa, ma admin mumve. Tisananyamuke aliyense aonetse chubu ndi pampu, poyera, ngati mmene timaonera chisoti. Alibe abwerere akatenge kapena akazungulire yekha ku Matawale kufupi ndi kwawo. Wabwereka chubu abweze chatsopano sabata isanathe, chatsopano, osati chakale cha zigamba zinayi nkumati chikadali bwino. Mukati ndine wankhanza nenani.

Ndipo poti ndayamba kale, inu amene mumakwera ku Ku Chawe ndi magalimoto kumapeto kwa sabata nkumaponya mabotolo a mowa pa windo, mumaganiza amathera kuti? Lamulungu mmawa msewu wa kuphiri uja m'makona monse magalasi okhaokha, ife tikutsika pa liwiro, mabuleki atentha, mbali inayi kuli phompho. Ana ogulitsa ma strawberry m'mbali mwa msewu ena amayenda opanda nsapato pomwepo. Botolo mwalinyamula lodzaza kuchokera mtauni, likatha ndiye lalemera? Nafenso apanjinga tisadziyeretse, chubu chobooka ndachiona chitakolekedwa pa mtengo ku Mulunguzi, mapepala a zigamba mbwee pansi. Pinda ubweze mthumba, ukamate kunyumba kapena ukapatse wa kabaza amangire katundu. Mxiii.