Sichimodzimodzi ayi, funsani eni ake

Ndikulemba mtima udakali m'mwamba. Kuntchito kwathu kuno ku Lincolnshire, ku England, komwe timalongedza kabichi ndi mbatata, mnzathu wina wa ku Lithuania bambo ake amwalira. Tinapangana zosonkha kangachepe kuti akwere ndege akaike maliro kwawo ku Kaunas. Kapitawo analemba chidziwitso m'Chingerezi, n'kuchiponya mufoni kuti imasulire m'Chilithuania, n'kukachimata pakhoma la kantini. Liwu loti raise foni inalisandutsa pakelti. Ndiye kuti pepala la maliro likuuza anthu kuti tiyeni tinyamule ndalama m'mwamba! Mayi wina wachikulire wa kwawo komweko ananena mwaulemu kuti pamenepo pamayenera rinkti, kutanthauza kusonkha. Kapitawo anayankha akuyenda, osacheuka n'komwe: "Aaa, ndi chimodzimodzi, amva."

Sichimodzimodzi ayi. Ndikukana, ndipo ndikanabe mawa.

Mzungu liwu lake limodzi lomweli amaligwiritsa ntchito paliponse. Akakweza dzanja ndi raise. Akalera mwana ndi raise. Akaweta nkhumba, akakweza mtengo wa buledi, akasonkhetsa ndalama za tchalitchi, akadzutsa nkhani pamsonkhano, bwana akamuwonjezera malipiro, ngakhale Yesu poukitsa Lazaro, zonsezo ndi raise yemweyo. Chilankhulo ndi chake, palibe akumuletsa. Koma zoti poti iye ali ndi liwu limodzi ndiye kuti aliyense padziko akhalenso ndi limodzi, ameneyo ndi mwano.

Achilithuania ali ndi kelti ndi pakelti, kukweza chinthu: dzanja, mbendera, mawu, mitengo ya zinthu m'sitolo. Kuukitsa wakufa amati prikelti. Kusonkha ndalama ndi rinkti. Mwana samukweza, amati auginti, kumukulitsa, kuchokera ku augti, kukula. Ndipo pamwanapo sanalekere pomwepo, alinso ndi auklėti, kumuphunzitsa khalidwe, kuti adziwe kupereka moni ndi kulemekeza akulu. Mayi uja anandifotokozera izi tikuvula magolovesi nthawi yopuma, chala chake chili pa pepala lija, maso ali ofiira. Anati mwana ukhoza kumudyetsa mpaka atatalika kukuposa, koma osamulera n'komwe, n'chifukwa chake mawuwo alipo awiri. Tsono wina abwere adzati zonsezi ndi chimodzimodzi?

Inu amene mukuwerenga, tandiuzeni, wina atakulemberani kuti amayi anu anakuwetani bwino, mungaseke? Kapena atamata pepala pa maliro a kwanu loti tinyamule ndalama m'malo moti tisonkhe chipepeso? Mungamve, inde, munthu sindinu chitsiru. Koma mungadziwenso kuti wolembayo sanakuwerengereni. Chodabwitsa, auginti wawoyo amagwira pa mwana, pa ng'ombe ndi pa mbewu zakumunda, pomwe ife timasiyanitsa kulera, kuweta ndi kulima. Aliyense anadula malire ake pomwe anafuna. Ndiye palibe zongotola liwu loyamba lomwe foni yalavula n'kumati ntchito ndatha.

Safunsa anadya phula. Pashifiti imodzi yomweyo pali Achilithuania odzaza basi, ena amadya naye tebulo limodzi kapitawoyo. Kufunsa kukanamudyera chiyani? Kaya ndi ulesi, kaya ndi changu, zimenezo n'zake.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti anthu awa chilankhulo chawo anachivutikira. Kuyambira 1864 mpaka 1904 boma la Russia linaletsa kusindikiza mabuku a Chilithuania m'zilembo za Chilatini, zonga zomwe timalembera ifezi. Anthu wamba, omwe amatchedwa knygnešiai, ankasenza mabuku m'matumba usiku kuchokera ku Prussia, dziko lomwe linali loyandikana nawo, kudutsa malire mozemba asilikali, ndipo ogwidwa ena ankatumizidwa ku Siberia. Buku loyamba kusindikizidwa m'Chilithuania, katekisimu wa Martynas Mažvydas, linatuluka mu 1547. Dikishonale yawo yaikulu ili ndi mavoliyumu 20, anaimaliza mu 2002. Olankhula chilankhulochi ndi pafupifupi 3 miliyoni okha, koma anachisunga. Lero munthu wosadziwa ngakhale kunena ačiū, zikomo wawo, akuuze mdzukulu wa anthu amenewo kuti liwu lililonse likhoza kulowa? Pa maliro a bambo a mnzake?

Pepala lija mayi uja analikonza yekha ndi bolopeni, ndipo ndalama zinasonkhedwa. Koma kupepesa sikunamveke mpaka pano.

Ndipo ife Amalawi tili kuno tisamadzione ngati oyera. Anzathuwa kumapeto kwa sabata amatumiza ana awo kusukulu zophunzitsa Chilithuania, muno mu England momwemuno. Ife ana athu akalandira foni ya agogo a ku Dedza amangoti kakasi, n'kubweza foni kwa mayi awo. Pagulu lathu la WhatsApp uthenga wa maliro timalemberana m'Chingerezi, tonse Achewa okhaokha, wina akalemba m'Chichewa mpamene ena amayamba kufunsa kuti kodi ameneyu sukulu anapita.